Tomato wokongola pamwamba, nanga pansi pali chiyani? Za katuni ya Jiro ndi nkhope ya a Chilembwe

Sabata ino mpata wagwera ine, mnzanu wa pa Mbulumbuzi kuno ku Chiradzulu. Amene simundidziwa, ine ndimagulitsa tomato, kabichi ndi anyezi, ikafika nyengo ya nandolo ndimagwirako nandolo. Sukulu ndinalekezera Folomu 4. Ndiye ndilankhula monga timalankhulira pa benchi, pamene ndaphonya mundikonze.

Nkhani yanga ikuyambira m'kachikwama ka ndalama kamene ndimamanga m'chiuno. Mukudziwa kuti pa K500 ndi pa K2,000 pali nkhope ya a John Chilembwe. Ine bambo amenewa amadutsa m'manja mwanga kambirimbiri pa tsiku: ndiwalandire, ndiwapinde, ndiwabweze ngati chenji, nthawi zina atanyowa ndi madzi a tomato. Tsiku lina madzulo tikuwerenga zimene tagulitsa, mwana wanga wamkazi wa Sitandade 6 anatenga K2,000 nkuiyang'anitsitsa, kenako akuti, "Amayi, kodi a Chilembwe ankaseka?" Ndinangoti kukamwa yasa. Ku PIM sikutali ndi kwathu, pa 15 January chaka chilichonse timamva mapemphero pa wailesi, chaka cha 1915 tinachiloweza pokonzekera mayeso. Koma zoti ankaseka, ankaopa, kapena usiku ankasowa tulo, kusukulu sanatiuzeko. Nkhope tili nayo, munthu tilibe.

Sabata yomweyo mchimwene wanga wamng'ono amene akuphunzira ku Blantyre anandiikira filimu m'foni. Nditaona kuti ndi katuni ndinamuseka. "Iwe, ine mayi wa ana atatu, undionetse zidole?" Iye anangoti, "Achemwali, onerani kaye." Ndinaionera mausiku atatu, pang'onopang'ono, ndikuwerenga Chingerezi cholembedwa m'munsi. Lero ndikufuna tikambirane filimu imeneyo, chifukwa inandiphunzitsa zimene katuni ingathe kuchita ndi moyo wa munthu, komanso zimene ingathe kubisa.

Dzina lake ndi The Wind Rises, inatuluka mu 2013, ndipo anaipanga ndi Hayao Miyazaki wa ku Japan pamodzi ndi anzake a Studio Ghibli. Ikufotokoza za munthu amene analipodi, Jiro Horikoshi, injiniya wa kampani ya Mitsubishi amene anakonza pulani ya ndege yankhondo yotchedwa Zero. Ndege imeneyi inali m'gulu la zimene Japan inatumiza pothira nkhondo America pa Pearl Harbor mu December 1941. Chakumapeto kwa nkhondoyo anyamata ena ankaikwera akudziwa kuti sabwerera, nkukadziombetsa dala pa sitima za adani. Ndiye taonani: katuni, koma mwini nkhani ndi munthu wopanga chida chophera anthu.

Ndiyambe ndi zimene zinandikomera, poti n'zambiri.

Choyamba ndi maloto. Jiro ali mwana ali ndi vuto la maso, sangakhale woyendetsa ndege, ndiye amangozilota. M'malotomo amakumana ndi Caproni, katswiri wopanga ndege wa ku Italy, ndipo awiriwa amayenda pamwamba pa phiko ndege ili m'mitambo, akucheza ngati ali pakhonde. Ikanakhala filimu ya anthu enieni bwenzi tikuti, "Aaa, bodza ili, ndi kompyuta iyi." Koma poti zonse n'zojambula, maloto ndi zamasana zimaoneka za mtundu umodzi, mtima suvuta kulandira. Apa ndi pamene ndinazindikira kuti katuni ndi m'bale wake wa nthano. Agogo akati "Padangokhala," ife nkuti "Tili tonse," panalibe wofunsa kuti Kalulu anaphunzira kuti kulankhula. Tinkalola, podziwa kuti m'kati mwa bodzalo muli choonadi chimene akufuna chitifike. Amene amati makatuni ndi a ana aiwala kuti nthano ankasimba ndi akuluakulu, ndipo munkafa anthu m'nthanomo.

Chachiwiri ndi mmene ikuonetsera luso la makina. Mafilimu ambiri amaonetsa makina ngati matsenga, wina wangodina batani zatheka. Apa ayi. Jiro akudya nsomba, nkuchotsa kamunga, nkuyamba kukayang'ana mmene kapindikira, m'mutu mwake waona kale phiko la ndege. Tikuona mapepala, pensulo, masamu a usiku wonse, anthu akusangalala ndi timisomali timene mitu yake siitumphuka, kuti mphepo izidutsa bwino. Tikuona ndege ikuthyoka m'mwamba, anthu nkutola zidutswa kuti adziwe chimene chinalakwika. Mvetserani bwino mkokomo wa mainjini: anachita kupanga ndi pakamwa pa anthu. Ngakhale kubangula kwa chivomerezi cha 1923, chimene chinapha anthu oposa 100,000 ku Tokyo ndi madera oyandikana nawo, ndi mawu a anthu. Ndege imatsokomola ndi kupuma ngati chamoyo.

Koma chimene chinandifika pamtima ndi ng'ombe. Ndege yatsopano, yonyezimira, yatuluka m'fakitale, nde ikukokedwa ndi ng'ombe kupita ku bwalo koiyesera. Mnzake wa Jiro, Honjo, amangodandaula kuti dziko lawo ndi losauka, latsalira kumbuyo kwa Germany, ndipo ndalama zogulira luso la azungu zikanadyetsa ana anjala. Ndinaseka ndekha m'bulangeti. Si ife amene? Kasitomala akundilipira pa foni, ine dengu lili pamutu, madzi ndikatunga pa mjigo. Amene mukuganiza kuti Japan inabadwa ndi ma Toyota, onerani ng'ombe zimenezo.

Chachitatu ndi chikhalidwe. Chibwenzi cha Jiro, Nahoko, akudwala chifuwa chachikulu. Wachoka ku chipatala cha kumapiri kuti adzakhale naye masiku amene amutsalira. Jiro akukhala kwa bwana wake, Kurokawa, ndipo bwanayo akukana kuti anthu osakwatirana akhale limodzi m'nyumba mwake. Ndiye ukwati uchitike usiku womwewo. Bwana ndi mkazi wake akhala ngati ankhoswe, mayiyo akutsogolera mkwatibwi ndi nyali m'kanjira ka m'nyumba, mawu a mwambo anenedwa, basi. Opanda disiko, opanda perekaniperekani. Anthu anayi okha, koma ndi ukwati wathunthu. Chimene ndinakonda n'chakuti mwambo sanauike ngati chokongoletsa choonetsa alendo. Ndi mwambowo umene wakakamiza nkhani kuti ikhote. Masana Jiro wavala suti ndi chipewa, akuwerengera zitsulo. Usiku wavula nsapato pakhomo, wakhala pansi. Filimu siikunena kuti chimodzi chigonjetse chinzake, ikungotionetsa munthu akusenza zonse ziwiri.

Tsono apa ndi pamene ine ndi bambo Miyazaki tikusiyana.

Ndiulule chinsinsi cha ntchito yathu, anzanga a pamsika mundikhululukire. Poika mulu wa tomato, wosalala amakhala pamwamba, ndipo mbali yokongola imayang'ana kumsewu. Ngati pali kabala, kamayang'ana kwa ine. Sindinanametu. Sindinaonetse basi. Wopanga filimu ya moyo wa munthu amachita chimodzimodzi, koma wa katuni amaposa onse. Pa filimu ya kamera, chinthu chikhoza kulowa mwangozi, kaya mwana wodutsa, kaya ntchentche. M'katuni mulibe ngozi. Udzu uliwonse, utsi uliwonse wa fodya, munthu anakhala pansi nkuujambula. Ndiye chimene mulibemo, anachita kusankha kuti chisakhalemo. Muyeso wanga ndi umenewo: osangoona zimene ajambula, tifunsenso zimene akana kujambula.

M'maola awiri a filimuyi, anthu amene ndegezo zinkawauluka pamutu ali kuti? Timaona utsi patali, timaona zigoba za ndege zitaunjikana m'tchire, timamva kuti dziko likupita kuphompho. Koma nkhope ya mayi wa ku China akuthawa ndi mwana kumsana, ngakhale imodzi. Pamapeto, Jiro ali m'maloto akudandaula kuti ndege zake palibe imene inabwerera. Ndege! Nanga anthu a ku Korea ndi ku China amene pa nkhondoyo ankagwiritsidwa ntchito mokakamiza m'mafakitale ndi m'migodi ya ku Japan? Nkhani imeneyi siinathe mpaka lero: mu 2018 khoti lalikulu la ku South Korea linalamula Mitsubishi Heavy Industries kuti ipepese ndi ndalama ena mwa anthu amenewo. Ife kuno ku Chiradzulu ntchito yokakamiza timaidziwa dzina lake, ndi thangata. Ndiye ndikaona fakitale yaukhondo, aliyense akumwetulira, mtima umandiuza kuti kabala kayang'ana kwa wogulitsa.

Musaganize kuti nkhondo imeneyo ndi ya kutali. Asilikali a kuno a KAR anakamenyana ndi asilikali a Japan m'nkhalango za ku Burma mu 1944. M'midzi yathu yambiri munali nkhalamba imodzi kapena ziwiri zimene zinapitako, ndipo ena sanabwerere. Ife tikamaonera filimuyi sitili owonerera chabe, agogo athu anali tsidya linalo la mfuti.

Palinso nkhani ya Nahoko. Ine ndinalira naye, ndisaname. Kenako mchimwene wanga akundiuza kuti mkazi ameneyu sanali mkazi weniweni wa Horikoshi. Miyazaki anatenga nkhani ya mtsikana wodwala chifuwa m'zolemba za Tatsuo Hori nkuilumikiza ku moyo wa injiniya. Kupeka pakokha sindikudana nako, ndanena kale kuti katuni ndi m'bale wa nthano. Funso langa ndi lakuti kupekako kukugwira ntchito yanji. Ine ndikuona kuti misozi yathu yonse imathera pa Nahoko, ndiye pofika pa nkhondo m'maso mwauma. Jiro timamumvera chisoni ngati wofedwa, nkuiwala kumufunsa ngati wopanga zida. Ili ngati basela amene timaonjezera kuti kasitomala asatembenuze mulu.

Mchimwene wanga sagwirizana nane, ndipo mfundo yake ndiinene mwachilungamo. Akuti Miyazaki akudziwa bwino zimene akuchita. Anabadwa mu 1941, ndipo kampani ya banja lawo, kumene bambo ake ankagwira ntchito, inkapanga zipangizo za ndege yomweyo ya Zero. Nsima ya ubwana wake inachokera ku nkhondo, iye nkukula wodana ndi nkhondo koma wokonda ndege. Akuti filimuyi ndi ya munthu amene maloto amuchititsa khungu. Taonani Jiro akusuta fodya pafupi ndi mkazi wodwala chifuwa, dzanja limodzi wagwira mkazi, lina likulemba masamu. Taonani pa msonkhano akunena kuti ndege ikanapepuka akanachotsamo mfuti, onse nkuseka, mfuti nkukhalabe. Taonani Caproni akumufunsa kuti akufuna dziko lokhala ndi mapiramidi kapena lopanda, ife tikudziwa kuti mapiramidi anamangidwa pa misana ya anthu. Akuti mlandu ulimo, koma ndi wa woonera kuupeza.

Ndikuvomera theka. Zoona, filimuyi ndi ya munthu wosaona patali. Koma atibwereka magalasi ake omwewo kuti tionere, ndipo ndi okongola kwambiri moti kuwavula kumavuta. Wodziwa mbiri adzaona nyerere. Mwana wanga amene sadziwa kanthu za Burma kapena Korea adzatuluka akukonda ndege. Chikomekome cha mkuyu, akuluakulu ananena kale.

Kuti muone kuti njira ina ilipo, pezani Waltz with Bashir ya 2008. Anaipanga ndi Ari Folman wa ku Israel, ndipo ndi nkhani ya iye mwini. Anali msilikali wa zaka 19 pa nkhondo ya ku Lebanon mu 1982, koma atakula anapeza kuti sakumbukira zimene anachita kumeneko. Ndiye akuyendera anzake akale mmodzimmodzi, kuwafunsa, ndipo zimene akukumbukira, zimene akulota ndi zimene akuopa, zonse n'zojambula. Pang'onopang'ono akufika pa Sabra ndi Shatila, misasa ya anthu a ku Palestine ku Beirut, kumene gulu la zida la ku Lebanon linapha anthu ambirimbiri, asilikali a Israel atazungulira malowo ndipo ena akuwalitsa kumwamba usiku. Iye anali mmodzi wa owalitsawo. Pamapeto penipeni katuni imatha mwadzidzidzi, nkubwera zithunzi zenizeni za amayi akulira pakati pa mitembo. Zili ngati wogulitsa watembenuza yekha mulu wonse nkuti, "Onani, uyu ndi wowola, ndipo ndinamuika ndine." Pa kukongola Miyazaki wapambana. Pa chilungamo ine voti yanga ili kwa Folman.

Tsopano tibwerere kwathu. Za a Chilembwe tili ndi zithunzi zochepa zoima chilili, atavala suti, ena ali ndi mayi Ida akazi awo. Tchalitchi chawo cha njerwa cha ku Mbombwe boma la atsamunda linachiphulitsa. Thupi lawo linaikidwa mwachinsinsi. Ngati pali munthu m'mbiri yathu amene akufunika wojambula, ndi amenewa. Katuni siifuna kumanganso Blantyre wa 1915 kapena kubwereka sitima yopita ku America. Imafuna dzanja, kuleza mtima ndi nkhani yolembedwa bwino.

Ndipo zonse zitatu zimene ndatchula zilimo. Luso la makina lilimo: mnyamata wa kuno amene anayamba kugwira ntchito kwa Joseph Booth mu 1892, nkupita naye ku America mu 1897, nkuphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, nkubwerera mu 1900 kudzayambitsa Providence Industrial Mission. Anabwera ndi maloto ngati a Jiro, koma awo anali a njerwa, sukulu, ulimi ndi kusoka. Ndikuona kale chithunzi: mayi Ida akuphunzitsa atsikana kusoka, phokoso la makina osokera nkusanduka pang'onopang'ono phokoso la mfuti ya chiwaya. Inde, nkhondo yoyamba ija makolo ankaitcha ya Chiwaya chifukwa cha mfuti imeneyo. Ife lero chiwaya timangodziwa cha tchipisi.

Nkhondo ilimo: anthu akuda atafa pa Karonga mu September 1914 pomenyera mfumu ya ku England, a Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti olemera ndi eni minda ndi amene apite akafe, osati amphawi amene nkhondo ikatha adzangosiya amasiye ndi msonkho. Pa nkhondo yonseyo amuna a kuno pafupifupi 200,000 anatengedwa kukhala amtengatenga, onyamula katundu wa asilikali pamutu, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Ndi angati amene dzina lawo linalembedwa penapake? Wojambula akhoza kuwapatsa nkhope.

Chikhalidwe chilimo, ndipo n'chovutirapo. Chonde amene mudzapange filimuyi musadzangoponyamo gule kuti zioneke za Chimalawi. A Chilembwe ankavala suti, ankafuna anthu awo azivala ndi kuphunzira moti mzungu asowe pomunyozera munthu wakuda. Owatsatira anali Ayao, Amang'anja ndi Alomwe amene anali atangolowa kumene kuchokera ku Mozambique, osowa malo, ogwira thangata m'minda ya A. L. Bruce ku Magomero. Kodi mayi wa Chilomwe ankamva bwanji pouzidwa za diresi ndi Baibulo, kumudzi kukulira ng'oma ya tchopa? Kukokana kumeneko ndiye nkhani.

Koma nayi mbali imene ife tidzafune iyang'ane kwa wogulitsa. Usiku wa Loweruka pa 23 January 1915 anthu a a Chilembwe anapha azungu atatu aamuna m'minda ya Bruce. William Jervis Livingstone, kapitawo wamkulu amene ankadziwika ndi nkhanza ndiponso kuwotcha nyumba zopemphereramo za PIM, anadulidwa mutu mkazi wake akuona. M'mawa mwake Lamulungu a Chilembwe analalikira mutuwo uli pomwepo. Patapita masiku ochepa mishoni ya Akatolika ya ku Nguludi inatenthedwa, wansembe nkuvulazidwa koopsa. Ndi zoonanso kuti akazi ndi ana a azunguwo sanaphedwe, anawasunga nkuwamasula. Ndi zoonanso kuti boma linabwezera mopyola: a Chilembwe anawombedwa pa 3 February ku Mulanje, anthu pafupifupi 40 anaphedwa ataweruzidwa mothamanga, pafupifupi 300 anamangidwa, midzi inatenthedwa, ndipo PIM inakhala yotseka mpaka 1926 pamene Dr Daniel Malekebu anadzaitsegulanso.

Filimu ya chilungamo ijambule zonsezi. Chikoti cha thangata chioneke, mutu uja uonekenso, kaya ndi mthunzi wake chabe pakhoma la tchalitchi. Tikabisa mutu, tachita zomwe ndikumudzudzulira Miyazaki. Tikabisa chikoti, tachita zomwe ankachita atsamunda. Ine sindikuopa kuti ana athu akaona zonse adzasiya kuwalemekeza a Chilembwe. Ndikuganiza kuti ndi pamene adzayambe kufunsa funso lenileni: zinatheka bwanji kuti m'busa wa sukulu ndi makina osokera, wodwaladwala mphumu, afike potumiza anthu ndi mikondo usiku? Funso limenelo ndalama ya pepala siingayankhe.

Mukukumbukira The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu? Siinali katuni, koma phunziro lake ndi lomweli. Tinanyadira, kenako tinatha mwezi tikuseka Chichewa cha ena mwa ochita sewerolo. Chabwino, tinaseka. Koma anabwera ndi ena kudzatipangira, ife tili manja lende. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Achinyamata odziwa kujambula pa kompyuta alipo m'matauni athu. Chimene akusowa kawirikawiri ndi nkhani yolembedwa mozama, ndipo imeneyo ndi ntchito ya gulu ngati lino. Katuni iliyonse imayamba ndi munthu wolemba mawu papepala.

Mwana wanga uja ndinamuuza kuti ngati akufuna a Chilembwe oseka, awajambule yekha. Anatenga katoni ya sopo nkujambula bambo wa suti, mano onse pamtunda, atanyamula njerwa. Ndaikhoma pa benchi, makasitomala amaifunsa. Akakula pang'ono ndidzamuuza za Loweruka lija, ndione ngati adzajambulenso.

Inu olemba, ndikufunseni: mutapatsidwa pensulo, Lamulungu la pa 24 January 1915 mungalijambule bwanji? Kapena mungalidumphe? Ine ndapita, mawa ndi tsiku la msika, ndiyenera kulawirira kokaoda.